Mmene Mungasankhire Sukulu ya Ana Mukatumizidwa Kukagwira Ntchito Kunja

Kalata yotumiza munthu kukagwira ntchito kunja ikafika, kaya ndi ku ofesi ya kazembe, ku likulu la African Union ku Addis Ababa, ku COMESA ku Lusaka, ku SADC ku Gaborone kapena ku maofesi a United Nations ku Nairobi, banja limatanganidwa ndi mapasipoti, nyumba yokafikira ndi katundu wonyamula, ndipo nkhani ya sukulu ya ana imaganiziridwa pomalizira. Makolo ambiri amangofunsa mnzawo amene anatsogola kuti ana ake amaphunzira kuti, n'kukalembetsa komweko. Njira imeneyi ndi yachidule koma ili ndi ngozi yake, chifukwa sukulu imene yayanja mwana wa zaka 7 wa mnzanuyo ikhoza kusokoneza mwana wanu wa zaka 15 amene watsala pang'ono kulemba mayeso. Komanso m'mayiko ambiri mwini sukulu aliyense akhoza kulemba pa chikwangwani kuti sukulu yake ndi International School, choncho dzina palokha silikuuzani zimene zimachitika m'kalasi. Malangizo otsatirawa ndawaika m'ndondomeko imene ndikuona kuti imapulumutsa nthawi ndi ndalama, ndipo kupita kukaona sukulu ndi maso, kumene ambiri amayambira, ndakuika chakumapeto mwadala.

Yambani ndi tsiku limene mudzachoke

Musanatsegule tsamba la pa intaneti la sukulu iliyonse, tengani pepala mulembe zinthu zitatu za mwana aliyense: zaka zimene adzakhale nazo pofika m'dziko latsopanolo, zaka zimene adzakhale nazo ntchito yanu ikadzatha, ndi kumene banja likuyembekezera kudzalowera pambuyo pake. Ntchito zambiri zotere zimakhala za zaka ziwiri mpaka zinayi, ndipo funso lalikulu ndi lakuti mwana adzatuluka m'sukuluyo ali ndi chiyani m'manja chimene sukulu kapena yunivesite yotsatira idzachizindikire.

Kwa mwana wa kupulaimale funso limeneli silivuta kwenikweni, popeza kuwerenga, kulemba ndi masamu oyambirira zimasamuka naye kulikonse. Vuto limayamba pa zaka 14. Kuyambira msinkhu umenewu maphunziro a m'sukulu zambiri zamtunduwu amayenda m'magawo a zaka ziwiriziwiri, ndipo gawo lililonse limathera pa mayeso: IGCSE ya maphunziro a ku England imatenga zaka ziwiri, A Level yotsatira pake zaka ziwiri, IB Diploma ya maphunziro a International Baccalaureate zakanso ziwiri. Mwana wosamutsidwa pakati pa gawo amapezeka kuti phunziro limene anasankha kulibe ku sukulu yatsopano, kapena liliko koma mabuku owerenga ndi ena, kapena anzake anayamba ndi mitu imene iye amayembekezera kudzaphunzira chaka chachiwiri. Ngakhale sukulu ziwiri zimene zonse zimati zimatsata maphunziro a ku England zikhoza kusiyana, ina n'kumalembetsa mayeso a Cambridge, ina a Pearson Edexcel, ndipo masilabasi ake si amodzi. Ngati pepala lanu likuonetsa kuti ntchito idzatha mwana ali pakati pa gawo lotere, ndi bwino kukambirana ndi abwana anu panopa za kuwonjezera chaka, kapena kuganizira za sukulu yogonera komweko, kusiyana n'kudzadzidzimuka nthawi itatha.

Dziwani kusiyana kwa maphunziro atatu aakulu

Mukadziwa kumene mwana akulowera, chotsatira ndi kusankha mtundu wa maphunziro, ndipo pano mpofunika kudekha chifukwa ndi pamene zolakwika zodula zimachitikira.

Maphunziro a ku England ndi amene makolo a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amawamvetsa msanga. Mwana amalemba IGCSE ali ndi zaka pafupifupi 16, kumapeto kwa Year 11, kenako amasankha maphunziro atatu kapena anayi n'kuwazama pa A Level mpaka Year 13. Mayeso a Cambridge amalembedwa kawiri pachaka, chapakati pa chaka ndi chakumapeto. Chinthu chimodzi chimene makolo ambiri sachidziwa n'chakuti m'maphunziro ena a IGCSE, monga masamu ndi sayansi, muli mapepala a mitundu iwiri, Core ndi Extended, ndipo mwana wolembetsedwa Core sangapeze giredi yoposa C ngakhale atakhoza funso lililonse. Funsani sukulu kuti amene amagamula za pepala limene mwana alembe ndani, amagamula liti, ndipo makolo amauzidwa motani. Ubwino wa njira imeneyi kwa banja lobwerera ku Malawi ndi wakuti St Andrew's International High School ku Blantyre ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama, imene inatsegulidwa mu 1981, amaphunzitsa IGCSE ndi A Level, choncho mwana amakhala ndi pofikira.

International Baccalaureate, imene anthu amangoti IB, inakhazikitsidwa ku Geneva mu 1968 makamaka pofuna kuthandiza ana a mabanja osamukasamuka. Ili ndi gawo la ana aang'ono lotchedwa PYP, la zaka 11 mpaka 16 lotchedwa MYP, ndi Diploma ya zaka ziwiri zomalizira. Pa Diploma mwana amatenga maphunziro asanu ndi limodzi, atatu mwa iwo pa mlingo wapamwamba, ndipo lililonse limapatsidwa mapointi kuyambira 1 mpaka 7. Pamwamba pake pali nkhani yofufuza ya mawu osapitirira 4,000 ndi phunziro la Theory of Knowledge, zimene pamodzi zimapereka mapointi ena atatu, kotero kuti okhoza kwambiri amafika 45 ndipo ochepetsetsa opezera Diploma ndi 24. Kholo lozolowera MSCE lisamale powerenga manambalawa, chifukwa ku MSCE mapointi ochepa ndiwo abwino pamene ku IB ndi ochuluka. Masamu a IB alinso pawiri, Analysis and Approaches ndi Applications and Interpretation, ndipo mayunivesite ena amafuna oyambawo pa mlingo wapamwamba kwa ofuna kuphunzira uinjiniya. Sukulu yaing'ono imene siphunzitsa masamu amenewo ikhoza kumutsekera mwana khomo zaka ziwiri asanaganize n'komwe zolembera ku yunivesite. Ku Lilongwe, Bishop Mackenzie International School imaphunzitsa IB.

Chenjezo langa lalikulu pa IB lili pa MYP. Mayeso akunja a kumapeto kwa MYP si okakamiza, ndipo sukulu zambiri siziwalembetsa. Mwana amene wamaliza MYP ali ndi zaka 16 akhoza kubwerera kwawo ali ndi malipoti a sukulu okha, wopanda satifiketi yofanana ndi IGCSE kapena MSCE. Ngati adzapitiriza mpaka Diploma palibe chodetsa nkhawa, koma ngati ntchito yanu ithera pamenepo, vuto limeneli muliganizire mofatsa.

Maphunziro a ku America nawo ali ndi chikhalidwe chofanana ndi chimenechi. Palibe mayeso aakulu pa zaka 16; mwana amasonkhanitsa magiredi kuyambira Grade 9 mpaka Grade 12, ndipo diploma imaperekedwa ndi sukuluyo payokha. Ichi n'chifukwa chake mphamvu ya diploma imeneyi imadalira kwathunthu bungwe limene linayendera ndi kuvomereza sukuluyo. Mayunivesite ambiri a ku Britain amafuna kuti pambali pa diploma mwana akhalenso ndi mayeso akunja a Advanced Placement (AP), amene amalembedwa mu Meyi ndipo amapatsidwa 1 mpaka 5. Sukulu zambiri za mtundu wa ku America mu Africa, monga International School of Kenya ndi American International School of Johannesburg, zimaphunzitsanso IB Diploma m'zaka ziwiri zomalizira.

Mukasankha mtundu, lemberani ku bungwe limene lidzaweruze satifiketiyo kumene mwana akupita. Ku Malawi kusankhira ophunzira ku mayunivesite a boma kumayendetsedwa ndi National Council for Higher Education, ndipo muyezo wozolowereka ndi makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Ku South Africa mwana wa satifiketi yakunja amafunika chilolezo cha Matriculation Board ya Universities South Africa, ndipo chilolezocho chimayang'ana kasakanizidwe ka maphunziro amene mwana anatenga. Yankho lolembedwa lochokera ku mabungwe amenewa ndi lodalirika kuposa mawu a mlangizi wa pa sukulu, amene mwina sanatumizepo mwana ku yunivesite ya ku Zomba kapena ku Pretoria.

Kalendala ndi kalasi

Chaka cha sukulu ku Malawi chimayamba mu Seputembala, pamene ku Zambia, Zimbabwe, Kenya ndi South Africa sukulu za boma zimayamba mu Januwale. Sukulu zambiri za ana a anthu ochokera kunja m'mayiko omwewo zimayamba mu Ogasiti kapena Seputembala, koma zina zimatsata kalendala ya dzikolo. Mwana wochoka ku kalendala ina kupita ku inzake amayenera kubwereza theka la chaka kapena kulumpha theka la chaka, ndipo kwa ine kubwereza n'kwabwino nthawi zambiri, makamaka ngati chiyankhulo chophunzitsira chikumuvutabe. Musasokonezekenso ndi manambala a makalasi: Year 2 ya ku England ndi msinkhu umodzi ndi Grade 1 ya ku America, ndipo Year 13 ndi Grade 12. Sukulu zimenezi zimaika mwana m'kalasi poyang'ana tsiku lobadwa, choncho kholo limene linayambitsa mwana sukulu msanga likhoza kudabwa kuuzidwa kuti mwanayo abwerere kalasi imodzi m'mbuyo.

Tsimikizani mapepala a sukuluyo

Tsopano mukhoza kulemba mayina a sukulu zinayi kapena zisanu, ndipo iliyonse muifufuze kwa eni ake a chizindikiro chimene yaika pa tsamba lake. IB ili ndi mndandanda wa sukulu zonse zimene inaziloleza, ndipo mndandandawo umaonetsa gawo lenileni limene sukulu inalolezedwa. Sukulu ikhoza kukhala ndi chilolezo cha PYP chokha koma n'kumadzitchula sukulu ya IB ngati kuti Diploma ilinso pomwepo. Ina imakhala kuti yangopempha kumene ndipo ikuyesedwabe, zimene sizitsimikiza kuti chilolezo chidzaperekedwa mwana wanu asanafike pa mayeso. Cambridge nayo ili ndi mndandanda wake, ndipo sukulu yolembetsedwa imakhala ndi nambala yake yolembetsera mayeso. Ngati ilibe nambalayo, ana amakalemba kwina ngati ongodzilembetsa okha, ndipo izi zimavuta m'maphunziro ofuna mayeso a mu labotale.

Dziwani kuti chilolezo cholembetsa mayeso n'chosiyana ndi kuyenderedwa kwa sukulu yonse. Kuyendera kotere kumachitidwa ndi mabungwe monga Council of International Schools, imene likulu lake lili ku Leiden m'dziko la Netherlands, mabungwe a ku America monga NEASC, Middle States Association, WASC ndi Cognia, komanso COBIS kwa sukulu za mtundu wa ku Britain. Iwowa amayang'ana utsogoleri, kayendetsedwe ka chuma, aphunzitsi, nyumba ndi chitetezo cha ana, ndipo amabweranso pakapita zaka zingapo. Kukhala membala wa bungwe ndi kuvomerezedwa ndi bungwelo pambuyo poyenderedwa ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale chizindikiro cha pa kabuku kotsatsa chimaoneka chofanana. Umembala wa Association of International Schools in Africa, mwachitsanzo, umasonyeza kuti sukulu ili m'gulu la zinzake ndipo aphunzitsi ake amapita ku misonkhano yophunzitsana, koma si lipoti la oyendera. Pemphani lipoti lomaliza, kapena chidule chake, ndipo muwerenge gawo la zimene oyendera analamula kuti zikonzedwe. Malipoti a British Schools Overseas, ndondomeko ya boma la Britain yoyendera sukulu za mtundu wa ku Britain zimene zili kunja, amaikidwa poyera, ndipo ku Dubai bungwe la boma la KHDA limafalitsa zotsatira za kuyendera sukulu zomwe si zaboma. Sukulu imene ikuzengereza kukuonetsani lipoti lake muiike pansi pa mndandanda.

Funsaninso kuti mwini wake ndani. Sukulu zina ndi za mabungwe osafuna phindu ndipo zimayang'aniridwa ndi bodi mmene makolo ali ndi mipando, zina ndi za mipingo, zina ndi za makampani aakulu monga Nord Anglia, Cognita ndi GEMS, ndipo zina ndi za banja limodzi. Mtundu uliwonse uli ndi sukulu zabwino, koma muyenera kudziwa kumene dandaulo lanu lingakafike ngati simunagwirizane ndi mphunzitsi wamkulu. Pamene mwini, wapampando wa bodi ndi woyang'anira chuma ali a nyumba imodzi, dandaulo limazungulira n'kubwerera pa tebulo lomwelo.

Werengerani ndalama zonse, osati fizi yokha

Nambala imene imalembedwa ngati fizi ya pachaka kawirikawiri si ndalama yonse imene mudzatulutse. Pemphani pepala lathunthu la zolipira ndipo mufufuzepo ndalama yopemphera malo, imene nthawi zambiri sibwezedwa, ndalama yolembetsera, ndalama ya chitukuko cha nyumba za sukulu imene ena amalipiritsa kamodzi polowa ndipo ena chaka chilichonse, ndalama yachikole, ya basi, ya chakudya chamasana, ya yunifolomu, ya kompyuta ya mwana, ya maulendo, ndi ya mayeso akunja imene imabwera payokha m'chaka cholemba. Sukulu zina zimalipiritsanso padera thandizo la Chingerezi ndi thandizo la ana ovutika kuphunzira. Funsani fizi ya zaka zitatu zapitazo kuti muone mmene imakwerera, ndipo muyang'ane fizi ya makalasi apamwamba amene mwana adzafikeko musanachoke, chifukwa sekondale imadula kuposa pulaimale.

Pepala limeneli muliike pambali pa kontirakiti yanu ya ntchito, mzere ndi mzere. Olemba ntchito amasiyana kwambiri: ena amalipira fizi yonse, ena gawo lake, ena ana awiri kapena atatu okha, ena kuyambira msinkhu wakutiwakuti. Ku United Nations thandizo la maphunziro limabweza gawo la fizi ndi la ndalama zolembetsera, gawolo likucheperachepera pamene fizi ikukwera, ndipo zinthu monga basi ndi chakudya zimatsalira kholo. Funsani ngati abwana amalipira sukulu mwachindunji kapena mumayamba mwalipira nokha n'kudzabwezeredwa, popeza teremu yoyamba, pamene ndalama zonse zolowera zimabwera nthawi imodzi ndi lendi ya nyumba, ndi imene imagwetsa mabanja m'ngongole.

Ndalama imene fizi imawerengedwera ndi nkhani inanso. Amene amalandira malipiro m'makwacha koma fizi ili m'madola akukumbukira zimene zinachitika mu Novembala 2023, pamene kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ngati malipiro anu ndi fizi zili m'ndalama zosiyana, dzifunseni ngati mungapirire kusintha kotere pakati pa chaka popanda kutulutsa mwana m'sukulu. Pomaliza werengani ndime ya kuchoka. Sukulu zambiri zimafuna chidziwitso cholembedwa teremu yathunthu musanachotse mwana, apo ayi mumalipira teremu imene sadzaphunzira, ndipo zina zimasunga malipoti ndi kalata yosamukira mpaka ngongole itatha. Munthu amene abwana ake akhoza kumusamutsa mwadzidzidzi apemphe kuti ndimeyi imasuliridwe bwino asanasaine.

Zotsatira za mayeso muziwerenge mokayikira

Sukulu iliyonse imaonetsa mwana wake wokhoza kwambiri ndi mayina a mayunivesite otchuka. Zimene inu mukufuna ndi zotsatira za ana onse kwa zaka zitatu kapena zisanu. Pa IB funsani kuti m'kalasi yomaliza munali ana angati, ndi angati analembetsedwa Diploma yathunthu, ndi angati anaipeza. Padziko lonse ana amapeza mapointi ozungulira 30, choncho sukulu yonena kuti ana ake amafika 35 imaoneka yapamwamba, koma nambalayo ilibe tanthauzo ngati theka la kalasi linaletsedwa kulemba Diploma. Chimodzimodzi pa A Level, funsani kuti mwa ana amene analemba IGCSE ndi angati analoledwa kupitiriza. Sukulu yolandira ana a nzeru zosiyanasiyana n'kuwakweza onse ndiyo ndingaikhulupirire kuposa yosefa ana kuti manambala ake aoneke bwino. Mndandanda wa mayunivesite nawo muufunse bwino: kodi ndi kumene ana anapatsidwa malo kapena kumene anapitadi, ndipo ndi wa chaka chimodzi kapena wosonkhanitsa zaka khumi?

Pitani mukaone, tsiku la sukulu

Sukulu ziwiri kapena zitatu zimene zatsala pa mndandanda ndi zimene muyenera kuziyendera, ndipo mupemphe kupita tsiku wamba ana ali m'kalasi, osati tsiku lokonzedwera alendo. Ngati simunafike m'dzikolo, pemphani kuyankhula pa vidiyo ndi mkulu wa gawo limene mwana akalowe, chifukwa wa ku ofesi yolembetsa ntchito yake ndi kudzaza malo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo dziwe losambiramo, bwalo la udzu wobiriwira ndi holo yaikulu ndi zimene mudzaonetsedwe poyamba. Inu pemphani kulowa m'kalasi phunziro lili m'kati, muone ngati ana akufunsa mafunso, mutsegule makope awiri kapena atatu muone ngati amachongedwa ndiponso ngati mphunzitsi amalembamo zothandiza mwana kukonza zolakwa. Loŵani m'labotale ndi m'laibulale, ndipo musachite manyazi kuona zimbudzi za ana.

Nkhani ya aphunzitsi ndi imene ndingataye nayo nthawi yambiri. Aphunzitsi ochokera kunja amayamba ndi kontirakiti ya zaka ziwiri nthawi zambiri, choncho kusinthasintha kulipo ndithu, koma funsani kuti chaka chathachi anachoka angati mwa angati, ndipo mphunzitsi wamkulu wakhalapo zaka zingati. Sukulu imene yasintha atsogoleri katatu m'zaka zisanu ili ndi vuto penapake, kawirikawiri pakati pa bodi ndi ofesi. Funsani ngati aphunzitsi onse ali ndi satifiketi ya uphunzitsi, chifukwa digiri ya phunzirolo payokha siphunzitsa munthu kuphunzitsa, ndipo kuyankhula Chingerezi cha ku London sikumusandutsa munthu mphunzitsi. Aphunzitsi a m'dziko momwemo amene akhalapo zaka zambiri ndi amene amasunga sukulu pamene ena akubwera ndi kupita, ndipo mmene sukulu imawalemekezera mudzaziona poyang'ana ngati ena mwa iwo ali m'maudindo.

Za chitetezo cha ana funsani mosabisa mawu. Mu 2014 zinaululika kuti mphunzitsi wina wa ku America, amene anali atapezekapo wolakwa pa mlandu wogwirira mwana ku California zaka zambiri m'mbuyomo, anaphunzitsa m'sukulu zamtunduwu m'mayiko osiyanasiyana kwa zaka pafupifupi 40 akuchitira ana nkhanza, ndipo mbiri yake sinamulepheretse kupeza ntchito. Chaka chomwecho mabungwe a sukuluzi anakhazikitsa International Task Force on Child Protection, ndipo kuyambira pamenepo oyendera amayang'anitsitsa mbali imeneyi. Sukulu yabwino idzakupatsani ndondomeko yolembedwa ya chitetezo cha ana, idzakutchulirani munthu amene amalandira madandaulo, ndipo idzakufotokozerani mmene imafufuzira mbiri ya wantchito aliyense kupolisi ya dziko lililonse limene anakhalako, kuphatikizapo oyendetsa basi, alonda ndi ophunzitsa masewera obwera masana. Funsaninso za malamulo a maulendo ogona kunja, za namwino wa pa sukulu, za chipatala chimene amathamangirako, ndi za amene amaloledwa kutenga mwana pa geti.

Pali funso lina limene makolo a ku Africa ayenera kufunsa ngakhale limachititsa manyazi, ndipo ndi lakuti mwana wakuda amakhala motani pa sukuluyo. Yang'anani mmene ana amakhalira nthawi yopuma, ngati amasakanikirana kapena mtundu uliwonse uli pakona pake. Werengani malamulo a tsitsi. Funsani zimene sukulu inachita ulendo womaliza pamene mwana ananyozedwa chifukwa cha khungu kapena kayankhulidwe, ndipo yankho lakuti zotere sizichitika kuno musalikhulupirire. Funsaninso kuchuluka kwa ana a m'dzikolo poyerekeza ndi obwera: kumene pafupifupi onse ndi a m'dzikolo ndipo anakulira limodzi, mlendo amavutika kupeza anzake, makamaka ngati pabwalo amayankhula chiyankhulo china, pamene kumene onse ndi osamukasamuka mwana amataya mnzake wapamtima chaka chilichonse.

Mwana wochokera ku sukulu ya boma ya ku Malawi, kumene makalasi oyambirira amadalira kwambiri Chichewa, akhoza kucheza bwino m'Chingerezi patangopita miyezi yochepa koma n'kumavutikabe kulemba nkhani ya sayansi kapena ya mbiri yakale, chifukwa Chingerezi cha m'mabuku chimatenga zaka. Funsani ngati pali aphunzitsi apadera a ntchito imeneyi, amakumana ndi mwana kangati pa sabata, ndipo amamuchotsa m'phunziro liti kuti akamuthandize. Pa IB Diploma pali njira yoti mwana aphunzire mabuku a chiyankhulo chake payekha mothandizidwa ndi sukulu, ndipo n'koyenera kufunsa msanga ngati sukuluyo ingapemphe kuti Chichewa chilembedwe mwa njira imeneyi. Ngati mwana ali ndi vuto la kuwerenga, la kumva kapena lina lililonse, linenereni poyera pa fomu yopemphera malo. Kubisa kumangochedwetsa thandizo, ndipo sukulu zina zimachotsa mwana zikazindikira kuti makolo sananene zoona.

Musanachoke pa sukuluyo pemphani kulumikizidwa ndi makolo awiri kapena atatu, koma mudzipezerenso nokha ena amene sukulu sinakusankhireni, makamaka amene anachotsapo mwana. Yesaninso ulendo wochokera kumene mukufuna kukhala kupita ku sukulu nthawi ya m'mawa. Ku Nairobi, Addis Ababa ndi Johannesburg mtunda waufupi ukhoza kudya ola lathunthu, ndipo n'kwanzeru kupeza malo a sukulu kaye kenako n'kufunafuna nyumba pafupi nayo.

Kupempha malo

Pemphani malo ku sukulu zosachepera ziwiri, chifukwa zotchuka zimakhala ndi ana odikirira ndipo zina zimatsogoza ana a maofesi a akazembe kapena makampani amene anazikhazikitsa. Konzeranitu malipoti a zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, kalata yochokera kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yakale, satifiketi yobadwira, pasipoti, khadi la katemera ndi chilolezo chokhalira m'dzikolo, ndipo izi muzitenge musananyamuke popeza kuzitsatira muli kutali n'kovuta. Mwana akhoza kulembetsedwa mayeso olowera monga CAT4 kapena MAP, amene amalembedwa pa kompyuta, choncho amene sanazolowere kompyuta ayeserere kaye kuti zala zisamulepheretse kuonetsa zimene akudziwa. Malo akapezeka, pemphani kalata yotchula kalasi imene mwana akalowe, maphunziro amene wapatsidwa, thandizo lapadera limene mwagwirizana ndi mtengo wake, ndipo ndalama yachikole mulipire pokhapokha kalatayo itafika m'manja mwanu.